Foni ikamadumphadumpha pakati pa 4G, H ndi E: mafunso anu ndi mayankho

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ngakhale olemba ake sadziwana, dandaulo lawo ndi limodzi: foni imagwira bwinobwino, koma kachilembo kapamwamba kaja kakangosintha, zonse zimaima. Tasankhapo angapo n'kuwafupikitsa. Akuyankha ndi amisiri a zamafoni ndi netiweki amene amatithandiza pa tsamba lino.

Funso: Ndimagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pa Lizulu. Ogula anga a ku Lilongwe amafuna ndiyambe ndawatumizira zithunzi pa WhatsApp. Pamwamba pa foni pamalemba 4G, kenako H+, kenako E, ndipo chithunzi chimangozungulira osapita. Chondidabwitsa n'chakuti 4G ikabwerera, chithunzicho chimakhalabe pomwepo mpaka nditazimitsa foni n'kuyatsanso. Bandulo ndimakhala nayo. Kodi foniyi yatha? *Mayi wa geni, Lizulu*

Yankho: Mayi, musathamangire kugula ina. Zimene mwafotokozazi zimachitika ngakhale pa foni yongotuluka kumene m'katoni. Gwero lake ndi malo amene mwaima poyerekeza ndi nsanja ya netiweki.

Tiyambe ndi zilembozo. G ndi E ndi za 2G, netiweki yakale imene inapangidwira kuimba ndi kutumiza SMS, intaneti anachita kuiphatikamo pambuyo pake. E ikayesetsa kwambiri imathamanga pafupifupi 200 kbps (muyeso wa liwiro la intaneti), kutanthauza kuti chithunzi cha 1 MB chimafuna masekondi 40 zonse zikakhala bwino, ndipo pamalo podzaza anthu sifika n'komwe pamenepo. Zilembo za 3G, H ndi H+ zonse ndi za 3G. 4G ndi LTE ndi chinthu chimodzi, mafoni amangosiyana kalembedwe.

Nsanja imodzi ikhoza kunyamula mitundu yonse itatu, koma mtundu uliwonse umayenda pa mafunde akeake, ndipo mafundewo safika mtunda wofanana. Otsika, monga 900 MHz (MHz ndi muyeso wa mafunde) amene 2G imagwiritsa ntchito kwambiri, amafika kutali ndipo amalowa m'nyumba mosavuta. Okwera, monga 1800 kapena 2100 MHz, amafooka msanga akakumana ndi phiri, khoma kapena denga la malata. Ndiye pali malo ambiri amene 2G ili ndi mphamvu, 3G ili pakatikati, koma 4G ikungofika movutikira. Foni imayeza mphamvu zimenezi nthawi zonse. 4G ikatsika kupyola malire amene kampani inaika, foni imatsitsidwira pa 3G, ndipo ikakwerako pang'ono foni imabwereranso. Mukakhala pa malire penipeni, kungotembenuka, kapena lole kuima kutsogolo kwa benchi yanu, n'kokwanira kuti foni iyambe kupita uku ndi uku.

Vuto lili pa kusinthako. Zili ngati minibasi ikakugulitsani panjira: tsiku labwino mumatsika mu iyi n'kukwera inayo ili chiimire, koma tsiku lina woyambayo amakutsitsani n'kunyamuka inayo isanafike. Nthawi zambiri nsanja ya 4G imangoimasula foni n'kuiuza kuti ikasake 3G pa mafunde akutiakuti. Foni imasaka, imadzilembetsa kumeneko, kenako njira ya data imatsegulidwanso. Izi zimatenga masekondi angapo, ndipo pa nthawiyo palibe chimene chimayenda. Kulembetsako kukasokonekera pakati, mwina chifukwa foni yathawiranso ku 4G isanamalize, chizindikiro chimaoneka ndithu pamwamba koma njira ya data ili yotseka. N'chifukwa chake mukuona 4G pomwe chithunzi chili phee.

Kuzimitsa foni kumathandiza chifukwa kumaikakamiza kudzilembetsa mwatsopano. Koma pali njira yachidule: yatsani kachizindikiro ka ndege, kotchedwa "Airplane mode", werengani mpaka 15, kenako kazimitseni. Zotsatira zake n'zomwezo, ndipo simudikira kuti foni iyake.

Kuti zisamabwerebwere, yezani kaye mphamvu ya 4G pamalo amene mumakhala. Timizere ta netiweki tija musatikhulupirire, opanga mafoni aliyense amatijambula mwa njira yake. Lowani mu "Settings", kenako "About phone", kenako "Status" kapena "SIM status", mupeze "Signal strength". Muona nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo ndi zilembo dBm kumapeto. Pa 4G, nambala ngati -85 ndi yabwino, -100 ndi yogwirika, koma kuyambira -110 kufika -120 ndiye kuti muli kumapeto kwenikweni. Nambala ya pambuyo pa kamzereko ikamakula, mphamvu ndiye kuti ikuchepa.

Ngati pa benchi panu 4G ikusewera cha m'ma -110, iuzeni foni kuti isiye kuisaka. Pa Tecno, Itel ndi mafoni ena ofanana, lowani mu "Settings", gawo la SIM ndi netiweki, sankhani SIM ya data, kenako "Preferred network type". Pa Samsung ndi "Connections", "Mobile networks", "Network mode". Sankhani 3G, kapena 3G ndi 2G. Kuimba ndi kutumiza ndalama zipitiriza kugwira, chifukwa 3G imanyamula zonse. Ife timaona kuti H+ yokhazikika imaposa 4G yodumphadumpha pa ntchito ngati yanuyi. Chenjezo n'lakuti dera limene 3G imafika limachepa anthu akachuluka pa nsanja imodzi, choncho zimene zagwira tsiku wamba zikhoza kuvuta tsiku la msika. Yesani masiku onse awiri. Ndipo mukamapita ku Lilongwe mukumbukire kubwezera pa 4G.

Funso: Ndikamatsatira phunziro pa intaneti kapena kutsitsa fayilo, wina akangoimba intaneti imaduka. Ndikamaliza kulankhula foni imakakamira pa H kapena E nthawi yaitali. Ndili ndi SIM ziwiri, ina ya data, ina yoimbira. *Mphunzitsi, Bembeke*

Yankho: Aphunzitsi, apa pali zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zonse zikukugwerani nthawi imodzi.

Choyamba, 4G inapangidwira data yokha. Ilibe njira yakale ija yonyamulira mawu imene 2G ndi 3G zili nayo. Wina akakuimbirani muli pa 4G, netiweki imatsitsira foni yanu pa 3G kapena 2G kuti ilire, n'chifukwa chake woimbayo amamva zii kwa masekondi angapo isanayambe kuitana. Ikatera pa 3G, intaneti imapitirira ndithu koma mochedwerapo. Ikatera pa 2G, kawirikawiri data imaimitsidwa mpaka mutadula. Mankhwala ake ndi VoLTE, njira yoyendetsa mawu pa 4G pomwepo. Imafuna zinthu zitatu pamodzi: kampani ikhale kuti inaitsegula pa nambala yanu, foni yanu ikhale ya mtundu umene kampaniyo imalola, ndipo batani la VoLTE mu "Mobile networks" likhale loyatsa. Chimodzi chikasowa sizigwira, ngakhale katoni ya foni italemba VoLTE ndi zilembo zikuluzikulu. Kafunseni ku shopu ya kampani yanu mutanyamula foniyo. Kuyesa kwake n'kosavuta: imbani foni, muyang'ane pamwamba. 4G ikakhalapobe mukulankhula, ndiye kuti yagwira.

Chachiwiri ndi SIM ziwirizo. Mafoni ambiri a SIM ziwiri ali ndi wailesi imodzi yokha mkati, imene SIM zonse zimabwerekana. Mukamalankhula pa SIM yoimbira, wailesiyo imatengedwa yonse ndipo SIM ya data imakhala ngati yazimitsidwa. Apa VoLTE ya SIM ya data sikuthandizani. Mafoni ena ali ndi batani lolembedwa "Data during calls" kapena mawu ofanana nawo, limene limalola kuti data idutse pa SIM imene mukulankhulirayo. Musanaliyatse muonetsetse kuti SIM imeneyo ili ndi bandulo, apo ayi idya mayunitsi anu mosazindikira. Pa nthawi ya phunziro lofunika, chanzeru ndi kungozimitsa SIM yoimbira mu "Settings" kwa ola limenelo.

Za kukakamira pa H: foni imabwerera yokha pa 4G ikapeza mpata wopuma. Ngati fayilo ikutsikabe, kapena WhatsApp ndi Facebook zikukoka zinthu chamseri, foni imakhala yotanganidwa ndipo imadikira kuti netiweki ndiyo iisamutse, zimene si nsanja zonse zimachita msanga. Zimitsani data kwa masekondi 10 mpaka 20, muona 4G ikutulukira, kenako yatsaninso.

Funso: Ndine ejenti wa ndalama za pafoni pa boma. Mnyamata wina anandilembera manambala ena pafoni n'kunena kuti waimangirira pa 4G. Intaneti yakhaladi yothamanga, koma tsopano anthu akuti sindikupezeka, ndipo ndikafuna kutumiza ndalama imalemba uthenga wa "invalid MMI code". Wandiwonongera? *Bambo wa pa kauntala, Ntcheu*

Yankho: Sanawononge, bambo, koma wakutsekerani khomo limene bizinesi yanu imalowera. Manambala amene analemba ayenera kuti ndi *#*#4636#*#*, amene pa mafoni ambiri a Android amatsegula tsamba lobisika la amisiri. Pamenepo anasankha "LTE only". Monga tafotokozera m'yankho lapitalo, popanda VoLTE foni imayenera kutsikira pa 3G kapena 2G kuti ilire. Mukailetsa kutsika, woimba amauzidwa kuti simukupezeka. Manambala oyamba ndi nyenyezi n'kutha ndi #, monga *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba, amatchedwa USSD, ndipo pa netiweki zambiri nawonso amadutsa njira yakale yomweyo. Ndiye kuimba ndi ndalama zimafera limodzi, intaneti yokha n'kumathamanga.

Kubwezera kwake: lembaninso manambala aja, sankhani "Phone information", pitani pa "Set preferred network type", musankhe mzere umene uli ndi mawu onse atatu, LTE, WCDMA ndi GSM. WCDMA ndiye 3G, GSM ndiye 2G. China chilichonse pa tsamba limenelo musachikhudze. Tsambalo likakana kutseguka, lowani mu "Preferred network type" ya masiku onse ija, musankhe 3G, kenako mubwerere pa 4G yokhala ndi 3G ndi 2G. Yesani poona balansi ndi kupempha mnzanu akuimbireni.

Tikuuzeninso chinthu china chokhudza ntchito yanu. Ngakhale foni ili bwino, nthawi iliyonse mukalemba USSD muli pa 4G imayamba yatsika kaye, ndipo pamalo amene netiweki ndi yofooka kutsikako kumalephera nthawi zina. Foni ya pa kauntala sifuna 4G. Iikeni pa 3G ndi 2G basi, kapena gwiritsani ntchito kafoni ka mabatani, 4G muisiyire foni yochezera. Ambiri amaona ngati kafoni ka mabatani n'kotsalira, koma pa ntchito ya USSD kamaposa foni yodula chifukwa kalibe kodumphira.

Uthenga wolephera ukabwera mutalemba kale PIN, musabwereze msanga. Pempho lanu likhoza kukhala kuti linafika ndipo ndalama yapita, chimene chasochera ndi yankho lokha. Dikirani SMS kwa mphindi zingapo, onani balansi, ndipo kasitomala naye aone yake. Lembani nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama m'buku. Maejenti ambiri amene amatumiza kawiri amagwa m'mbuna imeneyi.

Funso: Ndimayendetsa minibasi pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Cha ku Mlangeni ndi ku Biriwiri foni imataya netiweki, kenako pamwamba pamatuluka dzina la kampani yachilendo ndi kachilembo R. Nthawi zina imalemba "Emergency calls only". Ndimayenda mtunda wautali isanabwerere, ndipo mayunitsi anandithera tsiku lina ndisanaimbe. *Dalaivala, Dedza*

Yankho: Adalaivala, msewu wa M1 chigawo chimenecho umayenda m'malire enieni. Pa Lizulu, mbali imodzi ya msewu ndi Malawi, mbali inayo ndi boma la Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mafunde a wailesi sadziwa malire, choncho nsanja za Movitel, Vodacom ndi Tmcel za kutsidyako zimamveka bwino lomwe mumsewu.

Netiweki iliyonse imalengeza nambala ya dziko lake: 650 ndi Malawi, 643 ndi Mozambique. Foni yanu imakonda yakwawo ndipo siisiya ikadali kuimva. Koma pa masekondi aja imasiya 4G n'kumasaka 3G kapena 2G, kapena mukalowa pachigwa, ikhoza kutaya yakwawo kotheratu. Pamenepo imayamba kusaka iliyonse. Ngati kampani yanu ili ndi mgwirizano ndi ya kutsidya, foni imalembetsa kumeneko ndipo R amatulukira, kusonyeza kuti mukuwerengedwa ngati mlendo kunja kwa dziko. Bandulo ya kuno kawirikawiri sigwira kumeneko, ndiye data iliyonse imene foni ikukoka imalipiridwa pa mtengo wa kunja kuchokera ku mayunitsi. Ngati mgwirizano palibe, foni imakanidwa n'kulemba "Emergency calls only". Choipa china n'chakuti ikakhazikika pa netiweki ya kunja sithamangira kubwerera. Imatha kukhala pomwepo mpaka mphamvu ya kutsidyayo itatheratu. Wotchi ya foni sikuchenjezani, chifukwa maiko awiriwa ali ndi nthawi yofanana.

Chitani zinthu ziwiri. Zimitsani "Data roaming" pa SIM iliyonse, kuti data isadutse pa netiweki ya kunja. Izi zokha sizikwanira, chifukwa kuimba ndi SMS zimadutsabe. Ndiye lowaninso mu "Mobile networks", pezani "Network operators" kapena "Choose network", zimitsani "Select automatically". Foni isaka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri n'kukuonetsani mayina onse amene ikumva. Sankhani kampani yanu ya kuno. Kuyambira pamenepo, ikataya netiweki idzangodikira yakwawo osagwira ya eni. Muchite zimenezi muli pa boma pamene netiweki ndi yamphamvu, ndiponso pa SIM zonse ziwiri payokhapayokha. Mafoni ena amabwerera pa "automatic" mukachotsa SIM kapena foni ikalandira pulogalamu yatsopano, choncho muzisuzumirako. Tsiku lopita ku Ulónguè kapena ku Tete mudzabwezere nokha, apo ayi mudzakhala opanda netiweki ulendo wonse.

Funso: Bwanji foni imaduka pamakona omweomwewo nthawi zonse ndikamatsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti? *Wogula nsomba, Dedza*

Yankho: Kuti foni isamuke kuchoka pa nsanja ina kupita pa ina, imayenera kuyeza, kutumiza lipoti, n'kulandira lamulo losamukira kuchokera ku nsanja yakaleyo. Msewu umenewo umatsika mamita pafupifupi 1,000 mokhotakhota. Mukakhota kona, thanthwe limatchinga nsanja yakumtunda mwadzidzidzi lamulo lija lisanafike, pomwe nsanja za kuchigwa sizinayambe kumveka bwino. Palibe batani la m'foni lokonza zimenezi. Imbani muli pamwamba kapena mutafika pansi, ndipo ndalama musatumize galimoto ili pamakona.

Funso: Magetsi akangozima kwa maola angapo, 4G imasowa, pamatsala E. Nthawi zina timizere timadzaza koma intaneti osayenda. *Wophunzira, Kasinje*

Yankho: Nsanja zimadalira magetsi a ESCOM, mabatire, jenereta, ndipo zina sola. Mabatire akayamba kutsika, nsanja zambiri zinakonzedwa kuti zizimitse kaye zida za 4G ndi 3G n'kusiya 2G, kuti anthu azitha kuimba kwa nthawi yotalikirapo. Zimathekanso kuti nsanja yapafupi yazimiratu ndipo mukumva ya kutali, imene 2G yake yokha ndiyo ikukufikani. Timizere todzaza popanda intaneti timasonyeza zina: nsanja yanu ili moyo, koma njira yoilumikiza ndi likulu yaduka. Kumidzi nsanja zambiri zimapatsirana mauthenga kudzera m'mbale zozungulira zija mumaziona pamwamba, ina kupatsira inzake, choncho ya paphiri ikazima, zonse zodalira iyo zimakhala chete. Pa nthawi ngati imeneyo ikani foni pa 2G kuti batire lisathere kusaka 4G imene kulibe, ndipo mudzabwezere magetsi akayaka.

Funso: M'nyumba mwathu foni ya mkazi wanga imakhala pa 4G osasuntha, koma yanga, imene mchimwene wanga ananditumizira kuchokera ku Joni, imangosinthasintha n'kumatentha. Tonse tili pa kampani imodzi. *Bambo wa ku Mayani*

Yankho: Bambo, apa ndiye tikhoza kukayikira foni kapena SIM, ndipo kuyesa kwake sikufuna ndalama. Sinthanani SIM ndi mayi kwa tsiku limodzi. Vuto likatsatira SIM, ndiye ndi SIM. Likatsala m'foni yanu, ndiye ndi foni.

Ngati ndi SIM, onani zaka zake. SIM zakale kwambiri za nthawi ya 2G sizilowa pa 4G. Zina zinadulidwa ndi sizasi kuti zikwane m'foni yatsopano, ndipo zimagwedera m'kathireyi, foni n'kumataya netiweki ikangogundidwa. Pukutani mbali yagolideyo ndi kansalu kouma. Zikapitirira, pitani ku shopu ya kampani ndi chiphaso chanu cha unzika akakupatseni SIM yatsopano pa nambala yomweyo. Musanapite, sungani manambala amene ali pa SIM yakale.

Ngati ndi foni, yambani ndi zosavuta. Mu "Settings" sakani "Reset network settings", kapena "Reset Wi-Fi, mobile & Bluetooth". Sifufuta zithunzi kapena manambala, koma imaiwala mapasiwedi a Wi-Fi ndi zida za Bluetooth n'kubwezera makonzedwe a netiweki mmene analili poyamba. Kenako lowani mu "Access Point Names" (APN, makonzedwe amene foni imalowera nawo pa intaneti) musankhe "Reset to default", chifukwa foni yochokera kunja imatha kukhala ndi APN ya kampani ya kumeneko, kapena APN ingapo yolimbana. Onaninso ngati pali "Software update" imene ikudikira, popeza mbali ya pulogalamu yoyendetsa wailesi ya foni imakonzedwa kudzera m'menemo. Ngati foniyo ili ndi 5G, ichotseni pa mndandanda musiye 4G, 3G ndi 2G, isamatayire mphamvu pa chinthu chimene sichikufika kwanuko.

Zikakanika, pali zifukwa ziwiri zotsala. China ndi mabandi. 4G imayenda pa mabandi ambiri okhala ndi manambala, mwachitsanzo band 3 ndi 1800 MHz pomwe band 20 ndi 800 MHz, ndipo foni iliyonse imamva ena, ena ayi. Mafoni opangidwira msika wa America, Japan kapena China amatha kusowa bandi imene nsanja ya kwanu ikugwiritsa ntchito, ngakhale anagulidwa ku Johannesburg. Pezani nambala ya mtundu wa foni mu "About phone", muone mabandi ake, mufunse kampani amene imagwiritsa ntchito kwanuko. Bandi ikasowa palibe wokonza angaiikemo. Chinacho ndi eriyo. Ngati foniyo inagwapo, inanyowapo, kapena inatsegulidwapo posintha sikirini kapena batire, kawaya kakang'ono ka eriyo kamene kamalumikiza bolodi yapamwamba ndi yapansi kakhoza kukhala kosamanga bwino. Umboni wake ndi uwu: ikani mafoni awiriwo pamalo amodzi, onse pa 4G, muyerekeze dBm. Yanu ikamatsalira ndi 10 kapena kuposa nthawi zonse, pitani nayo kwa wokonza mumuuze ayang'ane kawayako asanayambe kukamba zosintha bolodi.

Kutenthako kukuchokera pomwepo. Foni ikamamva nsanja movutikira imakweza mphamvu yake yotumizira, ndipo kudzilembetsa mobwerezabwereza kumadya batire.

Funso: Pa sukulu pathu tili ndi MiFi ya aphunzitsi, kachipangizo kokhala ndi SIM kogawa intaneti pa Wi-Fi. Imayamba bwino pa 4G koma masana imagwera pa 3G, ndipo misonkhano ya pa intaneti imaduka. Tamva kuti kumangirira pa 4G n'koopsa. *Mlembi wa sukulu, Tsangano*

Yankho: N'koopsa pa foni yoimbira, koma pa MiFi kapena rauta ndiye pamalo pake, chifukwa palibe amene amaimbirapo. Lumikizani foni kapena kompyuta ku Wi-Fi yake, mutsegule adilesi yolembedwa pansi pa chipangizocho kapena kuseri kwa batire. Zambiri za Huawei ndi 192.168.8.1, za ZTE 192.168.0.1. Lowani ndi pasiwedi, mupeze gawo la netiweki, musinthe kuchoka pa "Auto" kupita pa "4G only". Dziwani kuti mukatero kugula bandulo ndi USSD kudzera pa tsamba lake kukhoza kukana, choncho muziigulira kuchokera pa foni ina polemba nambala ya SIM yake.

Kumangirira kumathandiza pokhapokha 4G ikufika mokwanira. Pa tsamba lomwelo muona RSRP, yomwe ndi mphamvu, ndi SINR, yomwe imasonyeza kuyera kwa mafunde. Yendani nayo MiFi pa mawindo onse, paliponse mudikire mphindi imodzi n'kulemba manambala. Sankhani pamene RSRP ili bwino kuposa -105 ndipo SINR yaposa 5. Kawirikawiri ndi pa windo loyang'ana kumene kuli nsanja, m'mwamba, kutali ndi malata ndi zitsulo zotchingira akuba. Kusuntha mita imodzi kumatha kusintha nambala kwambiri. Musaiike padzuwa, ikatentha imachepetsa liwiro ndipo batire limafufuma. Ngati ndi rauta yokhala ndi mabowo a eriyo yakunja, eriyo yokwezedwa pamtengo pamwamba pa denga imathandiza, bola waya wake akhale wamfupi, chifukwa waya wautali amadya mphamvu imene eriyoyo yapeza.

Zonsezi zikachitika koma masana n'kumadukabe, vuto lili ku nsanja ndipo kampani iyenera kudziwa. Mukaimba musangoti netiweki ikuvuta. Auzeni dzina la malo, masiku ndi maola, chilembo chimene chinali pamwamba, nambala za RSRP, komanso kuti zida zingati za kampani yomweyo zikuchita zomwezo. Pemphani nambala ya dandaulo lanu n'kuisunga. Kampani ikapanda kuchitapo kanthu, nambala imeneyo ndi imene mudzapite nayo ku MACRA, bungwe loyang'anira ntchito zamafoni m'dziko muno.